Mabuku Atuluke m'Makabati a Sukulu za ku Kasungu

Aliyense amene ntchito yake ili yoyendera sukulu za pulaimale m'zidikha za Kasungu, kuyambira kwa Santhe kummwera kufikira kwa Kaluluma kumpoto, adziwa chipangizo chimodzi chimene chisamalidwa koposa zonse m'ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Chipangizocho ndicho kabati ya mabuku. Ili ndi loko wolimba, kiyi wake ayenda m'thumba la munthu mmodzi yekha, ndipo pamene itsekulidwa pamaso pa mlendo, mabuku a nthano amene anabwera zaka zapitazo aoneka oyera ngati anafika dzulo. Mlendo ayamikira, mphunzitsi wamkulu akondwera, ndipo kabati itsekedwanso. Koma ana amene mabukuwo anatumizidwira ali kunja pabwalo, ndipo ambiri a iwo adzatsiriza Sitandade 8 asanawerengepo buku ndi limodzi lomwe kuyambira poyamba kufikira potsiriza chifukwa cha kulikonda chabe.

Aphunzitsi ambiri adandaula kuti ana a masiku ano sakonda kuwerenga, ndi kuti agwira buku pokhapokha mayeso atayandikira. Dandaulo ili lili ndi choonadi chake, komatu lisiya funso lalikulu losayankhidwa. Kodi mwana angakonde bwanji chinthu chimene saloledwa kuchigwira? Njira zokopera ana ku mabuku zilipo zambiri, koma zonsezo zili zachabe kufikira buku litaloledwa kutuluka m'kabati ndi kukagona kunyumba kwa mwana.

Boma lachita mbali yake yaikulu pa ntchito yophunzitsa ana zilembo. Pamene sukulu ya pulaimale inakhala yaulere m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'nyengo yochepa, ndipo makalasi anadzaza koposa mphamvu ya aphunzitsi. Zotsatira zake zinaoneka poyera. Pa kafukufuku wa SACMEQ wa 2007, amene anayesa ana a Sitandade 6 a maunduna a maphunziro 15 a kummwera ndi kummawa kwa Africa, ana a Malawi anakhala kumapeto pa kuwerenga. Kuyesa kwina kwa 2010 kunaonetsa kuti ana oposa 7 mwa 10 alionse a Sitandade 2 sanathe kuwerenga liwu ndi limodzi lomwe la kankhani kachichewa. Chifukwa cha ichi Unduna wa Maphunziro unakhazikitsa m'chaka cha 2016 ndondomeko ya kuwerenga ya dziko lonse ya Sitandade 1 mpaka 4, ndipo aphunzitsi anaphunzitsidwa njira ya maliwu ndi maphatikizo. Ntchito imeneyi njotamandika. Koma kudziwa kuphatikiza zilembo kuli ngati kudziwa kugwira khasu: munthu sakhala mlimi tsiku limene waonetsedwa mpini. Mwana afulumira kuwerenga ndi kumva zimene ali kuwerenga chifukwa chakuti wawerenga masamba ochuluka, ndipo palibe mwana amene awerenga masamba ochuluka a chinthu chosamkondweretsa.

Boma la Kasungu silisowa kupita kutali kukafuna umboni wa nkhani iyi, pakuti umboniwo uli kwa Wimbe, ndipo dziko lonse lapansi liudziwa. William Kamkwamba anabadwa m'chaka cha 1987 ndi kukulira m'mudzi wa Masitala, m'banja lolima chimanga ndi fodya. Njala yaikulu ya 2001 ndi 2002 itagwa, makolo ake analephera kumlipirira sukulu ya sekondale ya Kachokolo, ndipo mnyamatayo anakhala pakhomo. Pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe panali kachipinda ka mabuku, mashelefu atatu okha, mabuku ake opatsidwa ndi boma la America. Poyamba iye anapitako kuti asatsalire m'mbuyo mwa anzake amene anali m'kalasi. Koma posakhalitsa anayamba kutola mabuku a sayansi amene palibe mphunzitsi anamuuza kuti awerenge. Limodzi linali Explaining Physics. Lina linali Using Energy, limene pachikuto pake panali chithunzi cha makina opukusa magetsi ndi mphepo. Chingerezi chake chinali chochepa, kotero kuti anatsata zithunzi ndi zilembo zolozera mbali za makinawo, nafunafuna mawu ovuta m'buku lomasulira mawu. Zitsulo anakazitola pa dzala la makina akutha a esiteti ya fodya pafupi ndi Kachokolo. Ndi fani ya thirakitala, njinga yakale ya bambo wake, dayinamo, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugamu, anaimika makina amene anayatsa nyali m'nyumba ya kwawo, anthu ena akumuyesa wamisala. Nyuzipepala ya Daily Times inalemba za iye m'chaka cha 2006; m'chaka cha 2007 analankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha; buku lake The Boy Who Harnessed the Wind, limene analemba ndi Bryan Mealer, linatuluka mu 2009; anatsiriza maphunziro ku Dartmouth College mu 2014, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor anasandutsa mbiriyo kanema.

Mbiri iyi ikambidwa kawirikawiri pa misonkhano ya sukulu, koma olankhula ambiri atola mbali yolakwika. Iwo auza ana kuti alimbikire monga analimbikira Kamkwamba, ngati kuti phunziro lonse lili kwa ana. Phunziro lalikulu lili kwa akulu osunga makiyi. Mnyamata uja sanali wophunzira wa pa sukulu ya Wimbe pa nthawiyo. Dzina lake silinali m'kaundula wa kalasi iliyonse. Anali mwana wosiya sukulu, wa banja limene njala inalisiya lopanda kanthu kolipirira buku likatayika. Mwa malamulo amene makabati ambiri asungidwa nawo, iye ndiye woyamba kukanizidwa. Koma woyang'anira kachipinda kaja anamlola kulowa, anamlola kusankha yekha, anamlola kutenga buku kunka nalo kwawo ndi kulibwerekanso nthawi ndi nthawi. Buku limene linasintha moyo wake silinali la mayeso ake, ndipo mphunzitsi wosamala akadanena kuti Chingerezi chake nchovuta kwa mwana wotere. M'dera lomwelo la kummawa kwa boma la Kasungu muli Kamuzu Academy ya ku Mtunthama, yotsekulidwa mu 1981, imene nyumba yake ya mabuku ili imodzi mwa zokongola koposa m'dziko muno. Ulemu wake ngwoyenera. Komabe mashelefu atatu a pa Wimbe anachita ntchito imene nyumba yaikuluyo sikadatha kumchitira mwana wa ku Masitala, pa chifukwa chimodzi chokha chakuti chitseko chake chinali chom'tsekukira.

Si mwana aliyense wobwereka buku adzamanga makina a magetsi, ndipo kuli kosayenera kulonjeza makolo zotere. Ambiri adzangowerenga nthano ya kalulu, adzaseka, ndi kubwera kudzafuna ina. Izi nzokwanira, pakuti mwana wobwera kudzafuna buku lachiwiri ndiye amene ntchito yonseyi ifuna.

Tsono nchifukwa ninji aphunzitsi aakulu atseka makabati? Sikuti adana ndi ana. Iwo achita chimene dongosolo la ntchito ya Boma lawaphunzitsa. Buku lililonse lofika pa sukulu lilembedwa m'kaundula wa katundu, ndipo tsiku limene mphunzitsi wamkulu asamutsidwa ayenera kupereka kwa mnzake wolowa m'malo chiwerengero chofanana ndi cholembedwa. Buku losowa lim'bweretsera mafunso. Buku losawerengedwa silim'bweretsera funso ndi limodzi lomwe. Munthu wanzeru aliyense, ataikidwa pakati pa ziwirizi, agula loko. Apa mlandu uchoka m'manja mwa aphunzitsi ndi kulowa m'maofesi a maphunziro a pa boma, mwa alangizi a maphunziro a m'mazoni ndi mwa owerengera katundu wa Boma. Iwo ndiwo angathe kusintha funso lofunsidwa pa sukulu. Kufikira lero funso lakhala lakuti, mabuku alipo angati? Funso loyenera ndi lakuti, mabuku atuluka kangati teremu ino, ndipo anawatenga ndani? Ndipo kuli kofunika kuti ofesi inene polemba, osati pakamwa pokha, kuti mabuku a nthano ong'ambika kapena otayika m'manja mwa ana, malinga alembedwa m'kaundula wa obwereka, sadzawerengedwa mlandu wa mphunzitsi. Mlimi wa fodya afesa pa nazale mbewu yoposa imene munda ufuna, podziwa kuti mbande zina zidzafa; palibe mlimi asunga mbewu m'botolo poopa kuti zina sizidzamera. Makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Buku la sukulu lili chomwecho: lopindulitsa ndi lomwe lili m'maso mwa mwana.

Koma Kasungu ali ndi vuto lake la iye yekha, limene malangizo olembedwa ku Lilongwe saliona nthawi zonse. Moyo wa m'boma lino uyenda ndi fodya. Nazale ziyamba cha mu Sepitembala, pamene sukulu zili kutsekulira chaka. Kuwokera kudza ndi mvula ya Disembala. Ndipo kuyambira Januwale mpaka Epulo, teremu yachiwiri yonse, ndiyo nyengo yothyola, yosoka, yoyanika m'zigafa ndi yosankha masamba. Lamulo la ntchito liletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14, lamulo la maphunziro la 2013 linena kuti sukulu ya pulaimale njokakamiza, ndipo m'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inaletsa utenanti. Malamulo awa ngabwino ndipo ayenera kutsatidwa ndi mphamvu, pakuti lipoti la bungwe la Plan la 2009, limene linafunsa ana a ku Kasungu, Lilongwe ndi Mzimba, linaonetsa kuti mwana wogwira fodya wamuwisi angathe kulowetsa m'thupi kudzera pakhungu mamiligalamu 54 a chikonga pa tsiku, monga munthu wosuta ndudu 50. Ngakhale kuli tero, mphunzitsi aliyense wa kufupi ndi maesiteti adziwa kuti m'miyezi imeneyi mabenchi akhala ndi mipata, ndi kuti mwana amene sali kumunda ali kunyumba kulera mng'ono wake kuti amayi apite kuchigafa. Mwana wotere ataya masabata a maphunziro, ndipo kuwerenga kumene anayamba kukugwira mu teremu yoyamba kum'pulumuka. Ichi ndicho chifukwa chake buku lobwereka lifunika ku Kasungu koposa kwina: m'nyengo ya fodya ndilo gawo lokhalo la sukulu limene lingathe kumtsata mwana kwawo.

Ena adzati manja a ana a m'dera la fodya ngakuda ndi utomoni wa masamba, ndi kuti nyumba zofolera ndi udzu zidontha m'dzinja. Zoona. Thumba la pulasitiki la shuga lisunga buku bwino lomwe, ndipo ana a Sitandade 3 akhoza kukutira mabuku ndi mapepala akale m'phunziro limodzi. Chodetsa nkhawa chenicheni ndicho cha mabanja obwera kudzagwira ntchito ya nyengo kuchokera ku Mulanje, Phalombe, Machinga ndi maboma ena, amene fodya akagulitsidwa akwera galimoto kubwerera kwawo kapena kusamukira ku esiteti ina. Mphunzitsi aopa kuti buku lidzapita nawo. Nthawi zina lidzapitadi. Koma buku la Boma la Malawi lowerengedwa ndi mwana wa Malawi ku Phalombe silinatayike monga itayikira ndalama yobedwa. Ndipo ana awa, amene asintha sukulu kawirikawiri ndi amene ena a iwo alankhula Chilomwe kapena Chiyao kunyumba, ndiwo osowa buku koposa onse. Sukulu yanzeru ingathe kuitanitsa mabuku onse kumayambiriro kwa Epulo, misika ya fodya isanatsekulidwe, ndi kuwatulutsanso kwa otsala mu Meyi.

Za nyali nazo ziyenera kuganiziridwa. Nyumba zambiri za m'midzi zilibe magetsi, ndipo tochi ya pa foni ili m'manja mwa akulu. Chifukwa chake nthawi yowerenga ya mwana wa kumudzi ndiyo masana, pakhonde kapena kubusa, ndipo mabuku oyenera ndiwo aafupi, a zilembo zazikulu, otha kulowa m'thumba ndi kutha tsiku limodzi kapena awiri. Matabuleti a ndondomeko ya BEFIT, imene inayamba m'chaka cha 2023, athandiza ana kuphunzira zilembo ndi masamu. Koma tabuleti itsala pa sukulu kuti ilandire moto wa dzuwa, pamene buku lipita ndi mwana.

Nanga m'kabatimo muyenera kukhala mabuku otani? Mphatso zambiri zochokera kunja zili za Chingerezi, zokamba za chipale chofewa ndi masitima a pansi pa nthaka, ndipo mwana wa Sitandade 2 wa kwa Lukwa aziyang'ana zithunzi ndi kuzisiya. Mwana ayamba kukonda kuwerenga m'chilankhulo chimene aseka nacho. Dziko lino linadziwa ichi kale. Samuel Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, napambana, ndipo bukulo linasindikizidwa mu 1933. M'chaka cha 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa bungwe limodzi losindikiza mabuku, limene linatulutsa timabuku tachinyanja totsika mtengo, tambiri tolembedwa ndi aphunzitsi ndi makalaliki. Akulu ambiri amene lero ali m'maofesi a Boma akumbukira Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, kapena mabuku a E. W. Chafulumira, E. J. Chadza, Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani, amene anayenda kuchoka m'manja kupita m'manja kufikira chikuto chitatha. Mabuku amenewa ayenera kupezeka kwa ana a makalasi apamwamba. A makalasi apansi afuna ena aafupi, monga a Werengani amene bungwe la National Library Service, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, linasindikiza mothandizana ndi bungwe la CODE la ku Canada. Ndipo kumpoto kwa boma lino, kumene ana ambiri alankhula Chitumbuka, shelefu yopanda buku la Chitumbuka ili yoperewera.

Ngati aphunzitsi a 1950 anatha kulemba mabuku, a lero sangalephere. Kasungu ali ndi sukulu yake yophunzitsa aphunzitsi, ndipo wophunzira aliyense wa kumeneko angathe kulemba kankhani kamodzi ka masamba 8 asanatsirize maphunziro ake. Nkhani sizisowa: nthano za agogo zimene ana aziyankha kuti tili tonse, mbiri ya Mwase ndi phiri la Kasungu, ng'ona za mu Bua, njovu 263 zimene zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku nkhalango ya Kasungu mu 2022, ndi zimene midzi ya m'malire yaona nazo kuyambira pamenepo. Mwana amene wamva njovu ikuthyola chimanga usiku sadzafuna kukakamizidwa kuwerenga za njovu.

Buku likafika, ntchito ya mphunzitsi m'kalasi ili yopepuka koposa mmene ambiri aganizira, ndipo inayesedwa kale kwina. M'chaka cha 1980, Warwick Elley ndi Francis Mangubhai anapereka mabuku a nthano pafupifupi 250 ku kalasi iliyonse ya ana a kalasi 4 ndi 5 m'sukulu zina za kumidzi ku Fiji, dziko la zilumba kumene ana aphunzira Chingerezi monga chilankhulo chachiwiri. M'makalasi ena mphunzitsi anawerenga buku pamodzi ndi ana. M'makalasi ena ana anawerenga okha mwakachetechete kwa mphindi 20 kapena 30 tsiku lililonse. Itatha miyezi 8, ana a magulu onse awiriwa anapita patsogolo pa kuwerenga kawiri kuposa mmene ana apitira mwa masiku onse, naposa anzawo amene anatsata maphunziro a nthawi zonse. Panalibe makina, panalibe nyumba yatsopano; panali mabuku okoma ndi nthawi yoikika.

Nthawi yotere ili ndi malamulo ake, ndipo lalikulu ndi lakuti isasanduke mayeso. Aphunzitsi azolowera kuti ndime iliyonse itsatidwe ndi mafunso 5 ndi cholembera chofiira, kotero kuti mwana aphunzira kuona nkhani iliyonse ngati msampha. Pa mphindi za kuwerenga kokondwera pasakhale mafunso olemba, pasakhale malikisi, ndipo mwana wophonya liwu asasekedwe kapena kudzudzulidwa pamaso pa anzake. Amene watola buku losam'komera aloledwe kulibweza ndi kutenga lina. Mphunzitsi awerenge mokweza, asinthe mawu pofika pa fisi ndi pa kalulu, ndipo aleke nkhani pamene yafika pokoma, kuti ana alimbirane bukulo belu likalira. M'kalasi ya ana 100 mabuku 30 akwanira ngati ana akhala atatu kapena anayi pa buku limodzi, kapena ngati a Sitandade 7 atsika kudzawerengera a Sitandade 2 pansi pa mtengo Lachisanu. Ndipo pamene ana ali kuwerenga, mphunzitsi asatenge mpatawo kuchonga makope kapena kuyang'ana pa foni. Agwire buku lake nayenso, pakuti ana ambiri a m'midzi sanaonepo munthu wamkulu ali kuwerenga buku lina losakhala la kutchalitchi kapena la kumzikiti.

Chotsalira ndicho cha ndalama. Mabuku a pa Wimbe anachokera ku America, ndipo ndondomeko ya 2016 inathandizidwa kwambiri ndi bungwe la USAID. M'chaka cha 2025 boma la America linatseka bungwelo, kotero kuti sukulu yodikira bokosi lina lochokera kutsidya kwa nyanja ingathe kudikira nthawi yaitali. Komiti ya sukulu ili ndi mphamvu yoika mabuku a nthano m'mapulani a ndalama zotukulira sukulu zimene Boma litumiza kudzera ku khonsolo, ndipo mabuku 20 pa chaka aposa kusagula konse. Eni maesiteti ndi makampani ogula fodya, amene misika ya kunja iwafunsa umboni wakuti ana sali m'minda mwawo, angachite bwino kuika bokosi la mabuku pa sukulu iliyonse yoyandikana nawo ndi kulidzaza chaka ndi chaka. Pa Chinkhoma, m'miyezi ya msika, alimi atuluka ndi ndalama nagula njinga, malata, mafoni ndi nsalu. Osindikiza mabuku ndi a National Library Service akadaika tebulo la timabuku ta ana pamenepo, abambo ena akadabwerera kwawo ndi kabuku m'thumba la jekete.

Koma mabuku amene ali kale m'makabati safuna ndalama ina iliyonse. Afuna kope limodzi la mizere inayi, wa dzina la mwana, wa dzina la buku, wa tsiku lotenga ndi wa tsiku lobweza. Ana awiri a Sitandade 7 olisunga. Ndi tsiku loikika pa sabata limene kabati ikhala yotsekula kuyambira belu loyamba kufikira loweruka. Mlangizi wa maphunziro akafika pa sukulu teremu ikudzayi, apemphe kopelo asanapemphe kiyi wa kabati, ndipo awerenge maina a mu Febuluwale ndi Malichi.